Alendo a ku Mars m'Buku la H. G. Wells

Buku la The War of the Worlds, limene H. G. Wells anatulutsa m'caka ca 1898, lisimba za alendo a ku Mars amene anatsikira pafupi ndi mudzi wa Woking ku England. Anayenda m'makina a miyendo itatu, natentha midzi ndi moto wosaoneka, kufikira mzinda wa London unasanduka bwinja. Bukuli litifunsa kuti: wanzeru wotiposa kutali atapeza dziko lathu, angatiyese ciani?

Yankho la Wells nloŵaŵa. Dziko la alendowo linali kukalamba ndi kuzizira, tsono anakhumba lathu. Munthu anamuyesa ndiwo cabe, pakuti anali kukoka mwazi wa amoyo ndi kuuthira m'mitsempha yao. Mphamvu ya bukuli iri pamenepa. M'mutu woyamba mlembi akumbutsa a mtundu wace za anthu a ku Tasmania, amene Azungu anawasakaza popanda cifundo, kuti Mngelezi alaŵeko mantha a munthu woyesedwa cinthu. Ine amene nchito yanga ndi kulemba maina m'mabuku a Boma ndidziŵa kuti munthu sacedwa kusanduka nambala. Makolo athu anaŵerengedwa motero ndi olemba anthu a ku migodi.

Komabe sindibvomereza zonse. Wells anapatsa alendo ace ubongo waukulu, koma mtima anawapatsa wa acifwamba a pansi pano, monga ngati nzeru ikakula njala yokha ndiyo itsala. Citsulo ndi madzi ouma zipezekanso pa maiko ena a kuthambo, ngakhale pa Mars pomwe. Cimene sitinacipeze kwina kulikonse kufikira lero ndi camoyo: mtengo wa msuku, njuci, cinenero ca anthu. Mlendo wanzeru zenizeni akadasirira zimenezi, ndipo kapena, kunena mosadzikonda, akadaima nthaŵi yaitali pa culu ca ciswe koposa pa London.

Mathero ace aonetsa cilema comweci. Mfuti zazikulu zitalephera, alendowo afa ndi tizirombo ta matenda, popeza kwao kunalibe. Nkokoma kuona wamphamvu atagwetsedwa ndi kanthu kosaoneka ndi maso. Koma kodi tikhulupirire kuti iwo amene anaoloka mamailosi oposa 30 miliyoni, atatizonda zaka zambiri, sanaganize zoyesa dontho limodzi la madzi a mu Thames asanatuluke m'combo cao?