Nthenga kapena chilango? Zimene mndandanda wa mawu umabisa

Chida chodziwika bwino m'kalasi ya zinenero ziwiri ndi mndandanda wa mawu: Chipwitikizi kumanzere, Chinyanja kumanja, liwu limodzi kuyang'anizana ndi linzake. Mphunzitsi amaulemba pa bolodi mosavuta, ndipo ana amauloweza msanga. Kuchokera pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene inachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, cholinga chakhala chakuti mwana ayambe kuphunzira m'chinenero cha kwawo, kenako alowe m'Chipwitikizi ali ndi poimira. Mndandanda umathandiza pa ulendo umenewu. Vuto lake n'lakuti umaphunzitsanso chinthu chimene si choona, chakuti liwu lililonse lili ndi tanthauzo limodzi.

Liwu lalifupi la Chipwitikizi lakuti pena likuonetsa bwino vutoli. Mwana wa ku Chifunde akalipeza m'nkhani ya nkhuku, likutanthauza nthenga. Akamva munthu akunena kuti que pena, ndiye kuti akudandaula kapena kumva chisoni. Pa wailesi, m'nkhani za kukhoti, pena ndi chilango. Mawu akuti vale a pena amatanthauza kuti chinthu n'choyenera kuchivutikira. Ngati pa bolodi panalembedwa nthenga yokha, mwanayo asokonezeka katatu, ndipo aganiza kuti wolakwa ndi iye.

Mbiri ya liwuli imamasula mfundo imeneyi. M'Chilatini munali mawu awiri osiyana. Loyamba, penna, linali nthenga, ndipo popeza kale anthu ankalemba ndi nthenga yosongoledwa, linadzakhalanso dzina la cholembera. Lachiwiri, poena, lobwerekedwa ku Chigiriki, linali chilango kapena dipo, ndipo m'menemo munatuluka tanthauzo la ululu ndi chisoni. M'Chipwitikizi mawu awiriwa anafika pomveka ndi kulembedwa mofanana. Choncho matanthauzo anayi aja si mulu wosokonekera, koma mabanja awiri.

Nkhaniyi ikukhudza Chifunde mwapadera chifukwa bomali lili m'malire ndi Zambia, ndipo kudzera pa chipata cha Cassacatiza mawu ochokera ku Chingerezi amalowa m'kamwa mwa anthu tsiku ndi tsiku. Liwu la Chingerezi lakuti pen, cholembera, linachokera ku penna yemwe uja kudzera m'Chifalansa chakale. Liwu lakuti penalty, limene okonda mpira ku Malawi analisandutsa penate, ndi la banja la poena. Koma pen yotanthauza khola la ziweto si ya Chilatini. Ndi liwu la Chingerezi chakale longofanana maonekedwe. Ndiponso cholembera cha masiku ano Mpwitikizi amachitcha caneta, kuchokera ku cana, bango. Mwana amene angaganize kuti pen ndi pena ndi chinthu chimodzi paliponse walondola pang'ono chabe, ndipo mndandanda sumuuza polekezera.

Wina anganene kuti mwana wa kalasi yachitatu safunika Chilatini. N'zoona, ndipo kumudzaza mayina a zinenero zakale kungakhale kulakwitsa kwina. Mbiri ya mawuyi ndi ya mphunzitsi ndi wolemba mabuku. Imawathandiza kudziwa matanthauzo oyenera kuphunzitsidwa pamodzi, monga chilango ndi chisoni, ndi oyenera kulekanitsidwa, monga chilango ndi nthenga.

Kwa mwana, khomo lolowera lili m'chinenero chake chomwe. Iye amadziwa kale kuti mtengo wa mango umene amakhala pansi pake si mtengo wa mango umene amayi ake amafunsa pamsika. Amadziwa kuti kulemba kalata n'kosiyana ndi kulemba munthu ntchito. Palibe anamupatsa mndandanda. Chiganizo chonse ndicho chimamuuza tanthauzo. Luso limeneli ndilo maphunziro a zinenero ziwiri amati aligwiritse ntchito, koma mndandanda wa liwu limodzi, tanthauzo limodzi, umalisiya panja.

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Liwu ngati pena lilembedwe kawiri, pena 1 ndi pena 2, monga mabuku otanthauzira mawu amachitira, lililonse ndi chiganizo chake chachifupi m'zinenero zonse ziwiri. Phunziro liyambire pa mtengo, kenako lifike pa pena. Mwana akadzakumana ndi pen m'phunziro la Chingerezi, adzakhala atazolowera kale kufunsa kuti liwulo likunena chiyani m'chiganizo chimene chili patsogolo pake.