Chidulo cha Asing'anga a ku India

Aliyense amene analimbanapo ndi njerewere, zija ukazidula lero mawa zaphukanso, sangalephere kuwavulira chipewa asing'anga a ku India otchedwa vaidya, amene m'buku lakalekale la Sushruta anapatsa nthendayi dzina loti charmakila nalongosola kachizidwe kake.

Iwo amazula chitsamba cha apamarga, nachiyanika, nachitentha. Phulusa lake amalivundula m'madzi ochuluka kasanu ndi kamodzi, nasefa pa nsalu maulendo 21, monga momwe amayi athu amachezera chidulo cha therere, kenaka n'kuwiritsa madziwo kufikira atsale mankhwala aukali otchedwa kshara. Apa ndipo pamene ndimagoma nawo. Pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, sing'anga amadontheza pang'ono pokha pamutu pa njerewere, osakhudza khungu labwino, nawerenga mwachifatse mpaka 100; ndipo akaona kuti pamalopo pada bii, amatsukapo ndi madzi owawasa a ndimu kuti ukaliwo uzirale, pakuti mankhwala omwewo, m'manja mwa munthu wosaphunzira ntchitoyo, amasiya chilonda choposa njerewere imene anati achotse.