Kafukufuku wa SPR ndi Wodwala wa ku Katoto

Diso lomwe linachotsedwa ng'ala n'kuikidwa galasi lili pa chiopsezo chachikulu choti retina, kansalu kolandira kuwala kumbuyo kwa diso, isomphoke. Zikatero pali njira ziwiri zazikulu: kumanga diso ndi lamba wa silikoni kunja kwake, kapena vitrectomy, yomwe ndi kuchotsa madzi olimba a m'diso n'kuikamo mpweya kapena mafuta.

Kafukufuku wa SPR, yemwe Heimann ndi anzake anafalitsa mu 2007, anayerekeza njirazi m'zipatala 25 za m'maiko asanu a ku Ulaya. Mwa odwala 681, odwala 265 anali atachotsedwa kale ng'ala. Pakati pa amenewa, retina inagwira pa opaleshoni yoyamba mwa 72 pa 100 alionse a vitrectomy, poyerekeza ndi pafupifupi 53 a lamba. Odwala anagawidwa mwamaere, ndipo m'pake kuti madokotala amadalirabe zotsatirazi.

Komabe kafukufukuyu sanalowetse odwala omwe retina yawo inali itayamba kale kuchita zipsera zazikulu. Zipserazo zimachuluka wodwala akachedwa, ndipo kuchedwa ndiye vuto la kuno. Agogo a ku Katoto omwe diso lawamba chidima patapita zaka ziwiri chichotsereni ng'ala angaganize kuti ng'ala yabwerera, n'kumadikira kampeni ina ya maso. Akafika ku Mzuzu Central Hospital n'kutumizidwa ku Blantyre, patsogolo pali ulendo wa makilomita oposa 600. Diso lofika pa tebulo silikhalanso lofanana ndi la mu SPR.

Palinso nkhani ya mpweya. Mpweya woikidwa m'diso umafufuma munthu akakwera pamalo okwera, n'chifukwa chake wodwala amaletsedwa ndege. Koma basi ya mu M1 nayo imakwera Dedza ndi Chikangawa, ndipo dokotala ayenera kudziwa njira yobwerera asanasankhe. Mafuta a silikoni alibe vutoli, kungoti amafuna opaleshoni ina yowachotsa, kutanthauza ulendo wachiwiri ndi ndalama zina. Izi manambala a SPR sakuziwerengera.

Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya sasankha njira ya opaleshoni, koma nthawi ili m'manja mwawo. Munthu amene anachitidwapo opaleshoni ya diso akamaona kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda tochuluka mwadzidzidzi, kapena mthunzi ngati katani yotseka mbali imodzi, atumizidwe kwa a zamaso tsiku lomwelo, ngakhale diso lisakupweteka. Pa kalata palembedwe diso lake, chaka cha opaleshoni ndi tsiku lomwe zizindikiro zinayamba.