Kodi Ansari ndani? Kuunika mabuku awiri a chaka cha 2001

M'chaka cha 2001 munatuluka mabuku awiri okamba za Asilamu a kumpoto kwa India. Loyamba, The 'Ulama of Farangi Mahall and Islamic Culture in South Asia, analemba ndi Francis Robinson, katswiri wa mbiri yakale wa ku University of London. Lachiwiri, Masawat ki Jung, kutanthauza nkhondo yomenyera kufanana, analemba m'Chihindi ndi Ali Anwar, mtolankhani wa ku Patna m'chigawo cha Bihar. Mabuku onsewa sanalembedwe kuti afotokoze dzina la banja, komabe anthu amene akukambidwa kwambiri m'mabuku awiriwa amadziwika ndi dzina limodzi, Ansari. M'buku loyamba dzinali ndi la ma ulama olemekezeka amene mafumu ankawapatsa nyumba ndi minda. M'buku lachiwiri ndi la anthu owomba nsalu amene kwa zaka mazana ankanyozedwa ndi Asilamu anzawo. Wowerenga buku limodzi lokha amachoka ndi theka la nkhani, ndipo theka lotsalalo ndi lomwe limakhudza fiqh.

Tiyambe ndi gwero la liwulo. Ansar ndi anthu a mafuko a Aws ndi Khazraj amene analandira Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) ndi maswahaba ake pamene anasamukira ku Madina m'chaka cha 622. Liwuli limatanthauza athandizi, ndipo munthu mmodzi wa iwo, kapena mdzukulu wake, amatchedwa Ansari. Wotchuka pa nkhani yathu ndi Abu Ayyub al-Ansari (Radhiya Allahu anhu), amene anasunga Mtumiki m'nyumba yake atangofika kumene, ndipo manda ake ali ku Istanbul pamalo otchedwa Eyüp. Dzinali linayenda ndi adzukulu a maswahabawa. Abu Yusuf, wophunzira wa Imam Abu Hanifa, anali al-Ansari. Khwaja Abdullah Ansari wa ku Herat anamwalira mu 1089, Zakariyya al-Ansari, mphunzitsi wamkulu wa fiqh ya Imam Shafi'i ku Egypt, anamwalira mu 1520, ndipo Murtada al-Ansari wa ku Najaf anamwalira mu 1864. Choncho dzinali silinabadwire ku India. Chofunika kufotokoza n'chakuti bwanji lero eni ake ochuluka ali ku South Asia, kutali kwambiri ndi Madina.

Buku la Robinson limayankha mbali imodzi ya funsoli. Banja la Farangi Mahall limati linachokera kwa Abu Ayyub kudzera mwa Khwaja Abdullah wa ku Herat. Kholo lawo Mulla Qutbuddin anaphedwa mu 1692 kumudzi kwawo ku Sihali pa mkangano wa malo, ndipo mfumu Aurangzeb inapatsa ana ake nyumba ya wamalonda wina wa ku Ulaya mumzinda wa Lucknow. Nyumbayo ndi imene inabweretsa dzina loti Farangi Mahall, nyumba ya mzungu. Mmodzi mwa anawo, Mulla Nizamuddin, amene anamwalira mu 1748, ndiye anakonza ndondomeko ya maphunziro yotchedwa Dars-i Nizami. Ana athu amene anapita kukaphunzira m'ma darul ulum a ku India, Pakistan kapena South Africa anadutsa m'ndondomeko yotchedwa ndi dzina lomweli, ngakhale kuti mabuku ake anasinthidwa kangapo. M'banja lomweli munatuluka Abdul Ali Bahr al-Ulum, Abdul Hayy al-Lucknawi amene anamwalira mu 1886, ndi Abdul Bari amene anatsogolera gulu la Khilafat n'kumwalira mu 1926.

Mphamvu ya bukuli ili pa kudziwa banjali mkati mwake. Robinson anawerenga makalata ndi zolemba za banjalo, ndipo amaonetsa bwino mmene maphunziro a mantiq ndi falsafa ankayendera limodzi ndi tasawwuf, komanso mmene mabuku omwewo ankawerengedwera m'maufumu a Ottoman, Safavid ndi Mughal. Amene amaganiza kuti Dars-i Nizami inagwa kumwamba ili yathunthu adzaphunzira kuti inali ntchito ya anthu, yokonzedwa kuti itulutse ma qadhi ndi alembi a boma la nthawi imeneyo. Kufooka kwake kumachokera pamalo pomwepo. Mlendo wokhala pakhonde la mwini nyumba amaona mudzi ndi maso a mwini nyumbayo. Bukuli limayang'ana nyumba ya anthu ophunzira, ulemu wawo ndi makhalidwe awo, ndipo mmisiri amene ankawomba nsalu ya nduwira zawo sakhala nkhani yake. Wowerenga akhoza kulitseka akukhulupirira kuti Ansari wa ku Uttar Pradesh ndi munthu wa mabuku, wa m'gulu la Altaf Husain Hali, mlakatuli wa ku Panipat, kapena Dr Mukhtar Ahmed Ansari amene anali mtsogoleri wa Indian National Congress mu 1927. Mabanja otere alipodi, koma ndi ochepa zedi powayerekeza ndi unyinji wa eni dzinali.

Unyinjiwo ndi adzukulu a anthu amene ankatchedwa Julaha, owomba nsalu a m'matauni monga Banaras, Mau, Mubarakpur, Tanda ndi Bhagalpur. Ambiri mwa makolo awo anali anthu a m'dziko momwemo amene analowa Chisilamu. Liwu loti Julaha linasanduka chipongwe, lodzaza m'miyambi yonena za munthu wopusa, ndipo atsamunda anawonjezerapo bodza lawo. Gyanendra Pandey, m'buku lake la 1990 lotchedwa The Construction of Communalism in Colonial North India, anaonetsa mmene akuluakulu a boma la Britain anapangira chithunzi cha wowomba nsalu wouma mutu pa chipembedzo, pamene chenicheni chinali chakuti nsalu za m'mafakitale a ku Britain zinali kumulanda chakudya pakamwa. Owomba nsaluwa anayamba kudzitcha Momin, okhulupirira, kenako Ansari. M'zaka za m'ma 1920 anakhazikitsa All India Momin Conference, ndipo mtsogoleri wawo wodziwika ku Bihar, Abdul Qaiyum Ansari, anatsutsa Muslim League ndi ganizo logawa dziko, ponena kuti chipanicho chinali cha eni minda ndi mabanja apamwamba.

Kufalikira kwa dzinali masiku ano kumatsata njira ya ulusi ndi ntchito. Pambuyo pa nkhondo ya 1857 owomba nsalu ambiri anachoka kumpoto n'kukakhazikika ku Malegaon, Bhiwandi ndi Bombay, kumene makina owombera nsalu akugwirabe ntchito mpaka lero. Ena anapita kumafakitale a ku Calcutta. Dzinali n'lofala kuchigwa cha Terai ku Nepal. Dziko litagawidwa mu 1947 mabanja ena anasamukira ku Karachi, ena ku East Pakistan kumene tsopano ndi Bangladesh. Kuyambira zaka za m'ma 1970 ntchito za m'mayiko a mafuta zinatengera ambiri ku Saudi Arabia ndi ku Dubai, pomwe ophunzira anafika ku Britain, Canada ndi America. Kalembera wa mitundu amene boma la Bihar linatulutsa mu 2023 anapeza kuti gulu la Momin kapena Ansari ndi pafupifupi 3.5 peresenti ya anthu oposa 130 miliyoni a m'chigawocho. Ndiye kuti m'chigawo chimodzi chokha muli anthu oposa 4 miliyoni a gulu limeneli.

Ali Anwar analemba ali mkati mwa anthu amenewa. Mu 1998 anayambitsa bungwe la Pasmanda Muslim Mahaz, ndipo pasmanda ndi liwu la Chiperisiya lonena za anthu otsalira m'mbuyo. Njira ya buku lake ndi yosavuta kuitsutsa ndi pakamwa koma yovuta kuigwetsa: amayang'ana mipando ya m'mabungwe a Chisilamu ndi ya ndale, n'kufunsa kuti akhalapo ndi ana a yani. Yankho lake n'lakuti mabanja a ashraf, odzitcha Sayyid, Shaikh ndi Pathan, ndiwo agwira utsogoleri, pamene owomba nsalu, ometa, ochapa zovala ndi osesa, omwe ndi ochuluka, amaitanidwa nthawi ya mavoti yokha. Msilamu wowerenga izi sayenera kuthawira ku mawu oti m'Chisilamu mulibe kusankhana mitundu. M'chiphunzitso mulibedi, koma bukuli likufunsa za zochita za Asilamu. Lipoti la komiti ya Sachar la 2006 linavomerezanso kuti magawo amenewa alipo. Pomwe bukuli limaperewera ndi pa ma kitabu. Anwar ndi mtolankhani womenyera ufulu, ndipo cholinga chake n'kudzutsa anthu. Amaloza bala molondola, koma wophunzira fiqh amatsala ndi funso lakuti lamulo lenileni likuti chiyani, ndipo linapindika pati.

Funsoli limatifikitsa pa kafa'ah, kulingana kwa mwamuna ndi mkazi pa nikah. Mu madhhab a Hanafi, amene ambiri ku India amatsata, kulinganaku kumayang'ana mtundu wa makolo, Chisilamu cha makolo, ufulu, kuopa Allah, chuma ndi ntchito. Ma faqih a madhhab amenewa ananena kuti mzere wa makolo umawerengedwa pakati pa Aarabu, chifukwa anthu a mitundu ina sanasunge mndandanda wa makolo awo. Apa ndi pamene dzina linasanduka chuma. Wodzitcha Siddiqui, Faruqi kapena Ansari ankalowa m'gulu la Aarabu pa nkhani ya ukwati, ndipo mnzake wopanda dzina lotere ankatsala kunja. Kitabu cha al-Hidaya cha al-Marghinani, chimene chimaphunzitsidwa mu Dars-i Nizami momwemo, chimatchula wowomba nsalu pamodzi ndi wolumika ndi wofufuta zikopa ngati ntchito zotsitsa munthu, ndipo ganizolo chimaliika pa Abu Yusuf, amene iyenso anali al-Ansari. Madhhab a Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, nawonso amawerengera ntchito pa kafa'ah, choncho nkhaniyi tisaiyese ya eni okha.

Koma ma kitabu omwewo ali ndi mankhwala ake. Al-Hidaya imanena kuti kwa Imam Abu Hanifa kunachokera mawu awiri osiyana pa nkhani ya ntchito. Ibn al-Humam, amene anamwalira mu 1457, analemba mu Fath al-Qadir kuti ku Alexandria wowomba nsalu ayenera kulingana ndi wogulitsa mafuta onunkhira, chifukwa kumeneko ntchitoyo inkalemekezedwa. Izi zikusonyeza kuti muyeso wa ntchito unachokera ku 'urf, chizolowezi cha anthu, ndipo chizolowezi chikasintha lamulo lotsamira pa icho limasinthanso. Imam Malik sanawerengere mtundu kapena ntchito. Sufyan al-Thawri ndi al-Karkhi, amene anali wa Chihanafi, sanaone kafa'ah ngati chofunika kuti ukwati ukhazikike. Hadith imene imapatula wowomba nsalu ndi wolumika inakanidwa ndi akatswiri a hadith, ndipo Ibn Hajar ananena mu Fath al-Bari kuti palibe hadith yotsimikizika yoika kafa'ah pa mzere wa makolo. Zochita za Mtumiki zikudziwika: anakwatitsa Zaynab bint Jahsh kwa Zayd ibn Haritha, ndipo analangiza Fatima bint Qays kuti akwatiwe ndi Usama ibn Zayd.

Tsono kodi owomba nsalu analakwa potenga dzinali? Ma ulama ena ankaona choncho. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930 Mufti Muhammad Shafi wa ku Deoband analemba kabuku kotchedwa Nihayat al-Arab fi Ghayat al-Nasab, kamene kanakwiyitsa kwambiri owomba nsalu. Nkhawa ya ma ulamawa ili ndi maziko. Sura al-Ahzab ndime 5 imalamula kuti anthu aziitanidwa ndi mayina a abambo awo, ndipo mu Bukhari ndi Muslim muli chenjezo loopsa kwa amene amadziphatika kwa bambo wina akudziwa kuti si bambo wake. Aliyense wopeka mndandanda wa makolo kuti adzilumikize kwa Abu Ayyub wagwa m'chenjezoli, kaya ndi mmisiri kapena mwini minda. Komabe dzina lomaliza ndi -i silinena za magazi nthawi zonse. Qadiri si mdzukulu wa Sheikh Abdul Qadir, ndipo Hanafi si mwana wa Abu Hanifa. Sura al-Saff ndime 14 imaitana okhulupirira onse kuti akhale athandizi a Allah, pogwiritsa ntchito liwu lomweli la ansar. Lero ku Bihar munthu akamva kuti Ansari amadziwa gulu limene likunenedwa, ndipo palibe amene akunamizidwa. Pali mfundonso imene ma ulama amaitchula kawirikawiri, yakuti anthu amakhulupiriridwa pa zimene akunena za makolo awo. Ngati mfundoyi imateteza banja la ku Lucknow pa mndandanda wa zaka zoposa chikwi, sitingaichotse pamene wolankhula ali ndi ulusi m'manja. Ndipo amene anasandutsa dzina lakale kukhala chipongwe, motsutsana ndi Sura al-Hujurat ndime 11 yoletsa kuitanana mayina onyoza, ali ndi gawo lawo pa mlanduwu.

Mabuku awiriwa awerengedwe pamodzi. Robinson amatipatsa mbiri yolembedwa mosamala ya nyumba imodzi, ndipo ndi wodalirika pa zimene anasankha kuyang'ana. Anwar amatipatsa kulira kwa anthu mamiliyoni, ndipo mfundo zake zimafuna faqih woti azimalize ndi umboni wa m'ma kitabu. Wophunzira mbiri atengepo chenjezo lakuti kuchuluka kwa dzina pamalo kumafotokoza za ntchito, kusamuka ndi kufunafuna ulemu, ndipo sikokwanira kutsimikizira magazi. Wophunzira fiqh akafika pa mutu wa kafa'ah alekanitse zochokera mu Qur'an ndi Sunnah ndi zochokera ku chizolowezi cha mzinda wina m'nyengo ina, popeza kusalekanitsa kumeneku kwathetsa zibwenzi zoyenera ukwati ndipo kwatsekera ana a amisiri kunja kwa mipando ya utsogoleri. Muyeso umene Sura al-Hujurat ndime 13 inaika pa ulemu wa munthu ndi taqwa. Allah ndiye Wodziwa bwino.