"A Phiri Anabwera": Kodi Timaseka Yani?

Acinyamata anzanga, ndani mwa inu sanamvepo nyimbo ya Nashil Pichen Kazembe yochedwa "A Phiri Anabwera"? Inatuluka m'zaka za m'ma 1970, tonsefe tisanabadwe, ndipo mwini wake anamwalira mu 1991, koma mpaka lero ikangolira pa ukwati, amalume ndi azakhali amanyamuka pamipando. Nkhani yake ndi yaifupi. A Phiri anacoka kumudzi kukafuna nchito kutali, nakhala kumeneko zaka zambiri. Pobwerera anali ndi sutikesi yopanda kanthu, ndipo abale amene anawasiya sanawapezenso.

Mwezi watha ndinaiika pa foni titakumana acinyamata a pa chalichi pathu. Ambiri mwa iwo ndi ocokera ku Chipata, Katete ndi Petauke, amene anabwera ku Lusaka kudzagwira nchito. Onse anaseka, ena nkuyamba kuvina. Mlongo mmodzi yekha, amene amagwira nchito ya m'nyumba ku Kabulonga, anangokhala duu. Kukhala cete kwakeko ndiko kwandilembetsa nkhani ino.

Ndiyambe ndi kuyamikira. Magitala a nyimboyi ndi opepuka, a kaimbidwe kamene Nashil anazolowera ku Nairobi, kumene anakhala zaka zambiri akuimba ndi Peter Tsotsi Juma. Amakuvinitsani, kenaka mau nkukulasani mwendo ukali m'mwamba. Taonaninso dzina limene anasankha. Kum'mawa kulibe mudzi wopanda Phiri, motero aliyense womvera amaona mbale wake. Woimbayo anali wa ku Luapula, koma nyimboyi anaiimba m'Cinyanja, ndipo iye mwini anaudziwa moyo wa kucilendo.

Anthu otere makolo athu anali kuwachula kuti machona, ndipo analipo ambiri. Mukadutsa mu Burma Road, lowani pa Kabwata Cultural Village muone tinyumba tozungulira tofolera udzu. Boma la atsamunda linatimangira amuna anchito, akazi ndi ana atatsala kumudzi. Tambiri tinagwetsedwa pomanga mafulati a Kabwata, totsalato nkusungidwa mu 1974. Mwamuna wogona m'kanyumba kotero, malipiro ocepa, kwao kuli kutali, anali kale pa njira ya uchona.

Dandaulo langa lili apa. Nyimboyi, monga mutu wake ukunenera, mtima wake uli pa tsiku lobwera. Ife omvera timaima pamodzi ndi anthu a m'mudzi, kuyang'ana sutikesi ndi kupukusa mitu. Timathamangira kuganiza kuti ndalama zinathera ku mowa ndi akazi. Koma amene anayesapo kukhala yekha mu Lusaka adziwa kuti sutikesi imatha kupepuka munthu asanalawe ngakhale botolo limodzi.

Ine nditamaliza koleji ndi kupeza nchito m'tauni, ndinacoka kwa amalume ku Woodlands nkukapeza kacipinda ku Chelstone. Alandilodi anafuna lendi ya miyezi itatu ndisanalowe. Ndinalowa ndi matiresi, mbaula ndi mapoto awiri basi. Panalibe amene anandiuzapo kuti mayunitsi a magetsi amakonda kutha usiku, kapena kuti minibasi ya mu Great East Road, kupita ndi kubwera tsiku ndi tsiku, imadya malipiro ngati ciswe. Kwa amalume ndinali kungopeza mcere m'kabati, osadziwa kuti nawonso umagulidwa. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo tonse tinatembenukira ku malasha. Likafika tsiku la 20 ndinali kugula pamela pa kantemba, ndiwo kapenta wocita kuwerenga. Foni ikalira nkuona kuti ndi amai kumudzi, ndinali kuisiya ilire, cifukwa ndinadziwa kuti pali nkhani ya feteleza kapena ya yunifomu ya mng'ono wanga. Miyezi inai inatha osalankhula nao, pamene Sabata lililonse ndinali kuima kutsogolo kwa anzanga ngati mtsogoleri.

Uchona umayamba motero, ndi manyazi. A Phiri analibe foni. Ife tili nazo, tili ndi Airtel Money, tili ndi mabasi a pa Intercity amene amafika ku Chipata tsiku lomwelo, koma manyazi ndi omwe aja. Ndipo ndikuopa kuti tikamaiimba moseka, nyimboyi imaonjezera manyaziwo. Wacinyamata amene zinthu sizinamuyendere amaimva nkunena mumtima kuti kwao sadzapondako mpaka atapeza kanthu. Caka cimatha, cina nkutsatira, ndipo nyimbo imene inafuna kumucenjeza ndiyo yamutsekera njira.

Ena amaiyerekeza ndi fanizo la mwana wolowerera la pa Luka 15. Zimafanana ndithu, koma mnyamata wa m'fanizo uja anapeza atate ake ali moyo, akumuyembekeza. A Phiri anacedwa. Ndikaimvetsera ndekha, cimene cimandipweteka kwambiri ndi bwalo lopanda munthu lija, kuposa sutikesi. Akanabwera msanga, ngakhale cimanjamanja, akanapeza wowalandira ndi kuwaphikira nkhuku. Mbali imeneyi ndiyo imasowa pakati pa magitala okoma ndi kuseka kwathu.

Mlongo uja wa ku Kabulonga anandiuza pambuyo pake kuti watha zaka zitatu osapita ku Petauke, ndipo ambuya ake amene anamulera akudwala. Gulu lathu linasonkha ndalama ya basi. Ananyamuka Lacisanu m'mamawa ndi kacikwama kamodzi, muli sopo, shuga ndi citenje.