Kuunika Buku la Presumed Innocent: Khoti ndi Choonadi

Buku ili analemba ndi Scott Turow ndipo linatuluka mu 1987. Mlembiyu anagwirapo ntchito ya uloya woimira boma pamilandu mumzinda wa Chicago ku America, n'chifukwa chake zochitika m'khoti amazifotokoza mozama.

Tsatanetsatane wa nkhani

Carolyn Polhemus, loya wa boma wotsata milandu yogwirira, wapezeka ataphedwa m'nyumba mwake, thupi lake litamangidwa ngati kuti anagwiriridwa. Mkulu wa ofesi, Raymond Horgan, akupereka ntchito yofufuza kwa wachiwiri wake, Rusty Sabich. Koma Rusty akubisa kuti anali pachibwenzi chamseri ndi malemuyo. Zidindo za zala zake zitapezeka pa tambula ya m'nyumbamo, iye mwini akuzengedwa mlandu wakupha.

Wofotokoza nkhani

Onetsetsani kuti Rusty, mpangankhani wamkulu, ndiye akutifotokozera zonse. Tikuona ndi maso ake, tikumva ndi makutu ake. Komatu munthu amene wanamiza abwana ake angathe kunamizanso inu. Motero mlembi akukusandutsani woweruza: mawu alionse a Rusty muyenera kuwayeza musanawavomereze.

Mfundo yaikulu

Chigamulo cha khoti ndi choonadi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Woweruza Larren Lyttle akuthetsa mlandu chifukwa tambula ija yasowa, ndiponso loya wa Rusty, Sandy Stern, waonetsa kuti umboni wa dokotala woyeza mtembo uli ndi zolakwika. Khoti silinapeze wakupha. Choonadi chikutulukira kunyumba: anapha Carolyn ndi Barbara, mkazi wa Rusty, chifukwa cha nsanje. Rusty, amene ntchito yake inali kutengera olakwa kukhoti, akusankha kukhala chete kuti mwana wawo asataye mayi.

Chofooka cha bukuli n'chakuti Carolyn sakudziyankhulira. Timamudziwa makamaka kudzera mwa amuna amene ankamusirira kapena kumuda, mwakuti n'kosavuta kuiwala kuti wolakwiridwa weniweni ndi iyeyo.

Poyankha mafunso musangobwereza nkhani. Tchulani mfundo, perekani umboni wochokera m'buku, kenaka fotokozani tanthauzo lake.

Mafunso

1. Fotokozani njira ziwiri zimene mlembi wagwiritsa ntchito pochititsa owerenga kukayikira Rusty.
2. Kodi Rusty anachita bwino kubisa mlandu wa mkazi wake? Perekani zifukwa ziwiri.