Golide wa pa Felemu Atumikira Yani?

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu umabwera msanga m'mutu mwa munthu wochenjera akaona chinthu chonyezimira, ndipo anthu ophunzira a ku Ulaya akhala akunena zofanana nawo pa ntchito ya amisiri okuta mafelemu a zithunzi ndi golide. Mwezi uno, awerengi okondedwa, tiyeni tiuzenge mlandu umenewu pa chithunzi chimodzi chotchuka, cha Mafumu atatu akupembedza Mwana Yesu, chimene Gentile da Fabriano adachitsiriza m'mwezi wa Meyi chaka cha 1423 mu mzinda wa Florence ku Italy. Dzina lake ndi chakacho zidalembedwa pa felemu pomwepo. Funso lathu nali: kodi golide ameneyu akutumikira chithunzi, kapena akungolengeza chuma cha munthu amene adalipira?

Tisanaweruze, tidziwe kaye m'mene ntchitoyi imagwiridwira. Wosula golide amatenga kachidutswa nakasasantha ndi nyundo pakati pa zikopa mpaka kasanduke kapepala kopyapyala koti mpweya wa m'kamwa n'kukaulutsa. Timapepala ta masiku ano timafunika kusanjikiza pafupifupi 10,000 kuti tikwane milimita imodzi. Cennino Cennini, amene adaphunzira luso lojambula ku Florence nalemba buku la malangizo a amisiri cha m'ma 1400, adadandaula kuti osula a nthawi yake ankatulutsa timapepala 145 m'khobidi limodzi la golide, pamene iye ankaona kuti 100 ndiwo muyeso woyenera. Khobidilo linkalemera magalamu 3.5 okha. Tiona apa kuti felemu yooneka ngati chuma chosaneneka ili ndi golide wochepa zedi, woti munthu n'kumufumbata m'dzanja.

Kapepala kotere sikangabise chilema. Pakakhala kamchenga kapena kamng'alu pa thabwa, golide amakaonetsa poyera kuposa kale. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili pansi, pamene maso safikapo. Thabwa amayamba alipaka guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa. Kenaka amapakapo phala loyera la mwala wofewa wonga choko, kupaka ndi kuumitsa, kupaka ndi kuumitsa, ngakhale maulendo 8, napala ndi kachitsulo mpaka pasalale ngati mnyanga wa njovu. Pamwamba pake amapaka dothi lofiira ngati katondo, losefedwa bwino ndi kusakanizidwa ndi choyera cha dzira. Dothi limeneli ndilo limapatsa golide kufiirira kwake kokoma, komanso limakhala ngati mtsamiro wake. Atatero amanyowetsa pamalopo, nagoneka kapepala, ndipo madziwo amakakoka okha. Pakauma pang'ono amakulungiza ndi mwala wosalala kapena dzino la galu, monga achitira mayi woumba mbiya ndi nkhulungo yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ambiri amathera pa choko ndi dothi, golide amabwera potsiriza.

Oimba mlandu ntchitoyi si anthu wamba. Cha m'ma 1125, Bernard Woyera wa ku Clairvaux adadzudzula nyumba za chipembedzo zimene zinkaveka makoma golide pamene amphawi adali kugona ndi njala. M'chaka cha 1435, patangopita zaka 12 Gentile atatsiriza ntchito yake, Leon Battista Alberti adalemba ku Florence komweko kuti katswiri weniweni aonetse kuwala kwa golide ndi utoto wamba, ndipo golide weniweniyo akhale pa zokongoletsa za m'mbali basi. M'chaka cha 1790, Immanuel Kant wa ku Germany adapitirira apo. Iye adati felemu ya golide yoikidwa n'cholinga chongokopa anthu kuti atame chithunzi ndi chodzikometsera chabe, ndipo imachepetsa kukongola kwenikweni.

Umboni wowathandiza ulipo wambiri m'chithunzi cha Gentile. Adachilipira ndi Palla Strozzi, mpondamatiki amene kalembera wa msonkho wa m'chaka cha 1427 adamupeza wolemera kuposa onse mu Florence. Adachipangitsa kuti chikhale paguwa la banja lake m'tchalitchi cha Santa Trinita, ndipo msinkhu wake ndi pafupifupi mamita 3. Mukachiyang'ana, maso anu amayamba kugwera pa mfumu yaing'ono pa atatuwo, itaima pakatikati m'chovala chothwanima. Pambuyo pake pali chikhamu cha anthu, akavalo a zingwe zagolide, akambuku, apusi ndi mbalame zosakira nyama. Pa zisoti ndi pa zingwezo mmisiri adatundumula choko chija asanakute golide, kuti zioneke ngati zosula zenizeni. Maria, Yosefe ndi Mwana ali chakumanzere, m'mphepete. Ambiri amakhulupirira kuti mwamuna wonyamula mbalame kumbuyo kwa mfumu yaing'onoyo ndi Palla Strozzi mwini wake. Wina atati ulendowu ukufanana kwambiri ndi wa alenje olemera kusiyana ndi wa anthu opita kukapembedza, sitingamutsutse msanga.

Komabe tiyang'anitsitse chimene felemuyo ikuchita. Pamwamba pake pali mitu itatu yokhota ngati uta, ndipo pansi pa uta uliwonse pali gawo limodzi la ulendo: kumanzere Mafumu akuona nyenyezi, pakati akulunjika ku Yerusalemu, kumanja akulowa m'Betelehemu. Felemu ndiyo ikugawa nkhani ndi kutsogolera maso, mpaka khamulo litsike ndi kutembenukira kumanzere kumene kuli Mwana. Mafumu atatuwo nawonso akutsika motsatana. Yaing'ono ikadali chiimire, koma wantchito wagwada kuivula tizitsulo ta ku chidendene tothamangitsira kavalo, pakuti ulendo watha. Yachiwiri yawerama, dzanja lili pa chisoti kuti ichivule. Yachikulire yagwa pansi, chisoti chili padothi, ikupsompsona phazi la Mwana, ndipo Mwanayo waika kadzanja kake padazi lake. Golide yense uja, mukamutsata, akupita chogwada.

Pali zinanso ziwiri zimene woweruza mofulumira amazilumpha. M'nsanamira za m'mbali mwa felemu mudasiyidwa timipata, ndipo m'menemo Gentile adajambulamo maluwa ndi masamba mosamala, monga zionekera m'munda. Pakati pa chuma chonsecho mmisiri adapezera malo duwa la kuthengo. Chachiwiri, pansi pa chithunzi chachikulu pali tizithunzi titatu. M'kamodzi muli usiku wa kubadwa kwa Yesu, ndipo kuwala kukuchokera mwa Mwana. M'kena banja loyera likuthawira ku Ejipito pansi pa thambo lobiriwira lenileni, pamene amisiri akale akadayalapo golide. Munthu amene adajambula zimenezi ankadziwa pofunika golide ndi posafunika.

Tikumbukirenso kuti ntchitoyi idapangidwira kuwala kwa makandulo. Golide wokulungizidwa ndi kudindidwa timadontho amalandira lawi logwedezeka nalibweza mosinthasintha, kotero kuti m'chipinda cha mdima chithunzi chimaoneka ngati chikupuma. Kuyambira m'chaka cha 1919 chithunzichi chili m'nyumba ya zaluso ya Uffizi, pansi pa magetsi osaphethira, ndipo kamodzi mwa tizithunzi ta pansi tija kadatengedwa m'nthawi ya Napoleon, kali ku Louvre mu mzinda wa Paris. Pamalo pake padaikidwa kongofanizira. Amene aweruza golideyu m'kuwala kwa magetsi akuweruza ng'oma ataiona ili pakhoma, asanaimve ikulira.

Tsono chigamulo chathu n'chotani? Mawu a Kant amagwira felemu yogula padera, yoti ingachotsedwe pa chithunzi china n'kuikidwa pa china popanda chosintha. Ya Gentile idakonzedwa pamodzi ndi chithunzi chake, ndipo mutaichotsa nkhani ya ulendo ibalalika. Pamenepo Kant alibe mlandu woimba. Alberti adalondola poona kumene luso linkalowera, chifukwa m'mibadwo yotsatira golide adatulukadi m'zithunzi nakakhala pa mafelemu. Koma funso la Bernard silinafe. Luso la mmisiri silingatsuke mtima wa wolipira, ndipo sitingakane kuti Palla Strozzi ankafuna kuti a mu mzinda wake aone zimene adali nazo. Chuma chimenecho sichidamuteteze. M'chaka cha 1434 banja la Medici litatenga mphamvu adapirikitsidwa mu Florence, ndipo adamwalira ku Padua m'chaka cha 1462 osabwereranso kwawo.

Muyeso umene tingatenge pano ndi wosavuta, ndipo ugwira pa felemu iliyonse yonyezimira. Imani patsogolo pake kanthawi, muone pamene maso anu akukapumira. Akakakamira pa felemu, ndiye kuti golide waba malo a mwini nyumba, ndipo mwambi wa mkuyu wapherezera. Akatsetsereka kuchoka pa felemu kukafika pa chimene chajambulidwa, mmisiri wagwira ntchito yake. Pa chithunzi cha Gentile maso amazungulira nthawi yaitali, mwina yaitali kuposa m'mene Bernard akadalolera, koma potsiriza amakafika pa kadzanja ka Mwana kali pamutu pa nkhalamba yogwada.